Zigubu Ziwiri m'Buti ya Shevuleti

Sitima ya ku Limbe inafika pa Salima itachedwa ndi maola atatu. Kunali kutada. Sajeni Anderson Nankwenya anatsika ndi kachikwama ndi tochi, nakwera lole ya nsomba yobwerera kunyanja. Anakhala pa madengu opanda kanthu. Fungo linamulowa mpaka m'masokosi.

Kuno anali asanafikeko. Iye anali wa pa Limbe, wobadwira kuseri kwa galaja, ndipo ntchito yake kupolisi inali imodzi. Galimoto ikapha munthu, ankapita kukaiyesa. Mabuleki, chiwongolero, nyale. Kusaina pepala. Kukwera sitima yotsatira. M'chaka chimenecho, 1973, anali atagona m'maboma khumi ndi limodzi, ndipo panalibe pomwe anagonapo kawiri.

Lole inamutsitsa pa kapolisi ka zipinda ziwiri, pakati pa migwalangwa. Mwera unkawomba. Nyanja sinkaoneka, inkangomveka.

Kopolo Mose Dzoole anatuluka ndi nyale m'manja. Anali wamfupi, wolankhula mofulumira.

"Takulandirani, bwana. Koma mwangovutika. Nkhani idatha kale."

"Yatha bwanji ine galimoto ndisanaione?"

"Wakupha tili naye. Mawa sikisi koloko Landirova ikubwera kudzamutenga. Chatsala ndi dzina lanu pa pepala basi."

Anafotokoza akuyenda. Lachiwiri mbandakucha, Yakobo, wogulitsa usipa pa njinga, anagundidwa pa msewu wa ku Chitala. Anafera pomwepo. Galimoto yomwe inamugunda inali itabedwa usiku womwewo kunyumba kwa malemu Che Mustapha, mwini malole a nsomba. Inapezeka mailosi anayi kutsogolo, ili yokha, chitseko chili pululu. Womangidwa anali Samueli, dalaivala wa malemuyo kwa zaka khumi ndi ziwiri.

"Anamuona ndani?"

"A Tcheyamani." Mose anatsitsa mawu ngakhale panalibe wina. "A Wilson Chiunjiza, akulu a chipani kuno. Akuti adamuona ndi maso awo akuitulutsa m'galaja."

"Samueliyo akuti chiyani?"

"Akukana. Koma tikamufunsa komwe adagona, pakamwa tseke."

Anderson ankadziwa komwe Landirova imeneyo imathera. Mlandu wakupha unkapita ku bwalo la mafumu. Kumeneko loya salowa. Mawu a tcheyamani mbali ino, kukhala chete kwa dalaivala mbali inayo. Chotsatira chinali chingwe.

"Tiyeni ndiione," anatero.

Inali kuseri, komwe thirakitala inaisiya. Kuwala kwa tochi kutaigwera, Anderson anaima.

Shevuleti ya 1956. Bel Air. Kumwamba yoyera ngati mkaka, kunsi yobiriwira, mzere wachitsulo chonyezimira utadutsa m'nthiti kuchokera kunyale mpaka kumchira. Bambo ake ankatsuka magalimoto a amwenye pa Limbe, ndipo yonga imeneyi inabwera pa galaja kamodzi kokha. Anamunyamula m'khwapa kuti asuzumire mkati. Kuyambira tsikulo, kwa Anderson magalimoto a ku Amerika anali a zaka zitatu basi: 55, 56, 57. Am'mbuyomo anali akamba. Otsatirawo anamera zipsepse ngati akufuna kuuluka. Kumapeto kwa kabuku kake ka ntchito kunali mayina asanu a magalimoto omwe ankati adzagula akadzapuma, ngakhale ankadziwa kuti ndi maloto. Dzina loyamba linali limeneli.

"Kuno timaitcha Mkwatibwi," anatero Mose. "Palibe ukwati wolongosoka womwe sidanyamule. Mkazi wanga adakana kutsika, tidachita kumunyengerera. Koma ine ndikadapata, bwana, ndikadagula Studebaker ija ya abusa a ku mishoni. Ija simudziwa ngati ikubwera kapena ikupita."

Anderson sanaseke. Anali atagwada kutsogolo. Nyale yakumanzere inali itasweka, chitsulo chitalowa mkati. Tiusipa touma tinali tikadali m'mano mwa galimoto.

Anaponda buleki. Inagwira. Anapotoza kiyi. Injini inatsokomola kawiri n'kusiya. Muvi wa petulo sunadzuke. Anakwawira pansi, nagogoda thanki ndi tochi. Inalira phwee.

"Yauma," anatero akutuluka. "Palibe chomwe chinafa. Inangomutherera petulo."

"Ndiye mwayi wathu, bwana. Akadafika ku Zambia. Taonani zomwe adakonzekera."

Mose anatsegula buti. Munali zigubu ziwiri zachitsulo. Anderson ananyamula chimodzi. Cholemera. Chinacho chimodzimodzi. Anatsegula, naviika chala, nachipekesa ndi chinzake. Chinaterera.

"Muli oyilo umu."

"Ndi petulo wa boti ameneyo. Amasakaniza."

"Maboti a injini alipo angati pagombe pano?"

Mose anayang'ana kumbali. "Awiri."

"A ndani?"

"Petulo amabedwa, bwana. Aliyense angatape."

Anderson sanakakamize. Anatseka buti, tochi n'kugwera pa chitsulo cha nambala. Chinali chitapindikira pansi, ngati wina anachikoka ndi mphamvu zonse. Msomali umodzi unali utazuka. M'mphepete mwake munali kadontho kakuda, kouma. Penti yozungulira inali itakalikakalika.

"Thirakitala inakokera kuti?"

"Kutsogolo."

"Nanga izi?"

"Tidaipeza choncho."

Anderson anaimirira. "Kopolo, tandiuzani. Munthu wapha mnzake. Akuthawa. Petulo wamuthera, koma ali ndi zigubu ziwiri zodzaza. Bwanji sanathire?"

"Mantha."

"Wamantha amathawa wapansi galimoto ilipo?"



"Tandionetsani pothirira petulo," anatero Anderson.

Mose anazungulira galimoto atakweza nyale. Kumanja. Kumanzere. Anasisita m'nthiti monse. Anazunguliranso kachiwiri, pang'onopang'ono.

"Bwana," anatero. "Ilibe."

M'chitokosi munali mkeka ndi ndowa. Samueli anali bambo wowonda, wa zaka makumi anayi ndi mphambu. Mlomo unali utatupa. Anyamata omwe anamugwira sanabwere naye mwaulemu. Ataona yunifolomu anadzuka.

"Bwana, kodi aiphimba? Mame a kuno amadya penti."

"Mukufunsa za galimoto? Mawa mukupita ku Lilongwe, bambo."

"Ndamva."

"Lolemba usiku munali kuti?"

Samueli anayang'ana mkeka.

"Ine si wa kuno. Sindikukudziwani, simukundidziwa. Koma mukapanda kuyankha, akupachikani."

"Ndikanena, bwana, sindifa ndekha."

Anderson anauza Mose akafune madzi akumwa. Anadikira mpaka mapazi atapita.

"Chabwino. Funso lina. Galimotoyo imamwera pati?"

Samueli anadzutsa mutu msanga. "Icho ndidalumbira. Che Mustapha adagwira Kurani, ine Baibulo."

"Munthuyo anamwalira."

"Lumbiro silidamwalire."

Anderson anakhala chonjuta, nayandikira. Analankhula motsitsa. "Nyale yakumbuyo, yakumanzere. Pamwamba pa galasi lofiira pali kachitsulo koimirira. Mukakapotoza, nyale yonse imagwera kunja ngati kachitseko. Chotsekera thanki chili m'kati."

Samueli anamuyang'anitsitsa. Kenako mlomo wotupawo unayesa kumwetulira.

"Mwaiona kuti?"

"Pa Limbe. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndani wina akudziwa kuno?"

"Palibe. Ngakhale mayi a m'nyumba. Che Mustapha pa pampu sankaima. Ankagula m'diramu, ife n'kumathira m'galaja zitseko titatseka. Ali ku Salisbury, anthu ansanje adawathirira shuga m'thanki ya galimoto yawo yoyamba. Atapeza iyi adati, iyi ndiye yanga, yobisa pakamwa. Komanso kuno petulo amayenda usiku ndi kapaipi."

"Thanki inali ndi wochuluka bwanji?"

"Ankathira wa ulendo womwewo basi. Udatsala wa mailosi khumi ndi awiri, kapena khumi ndi atatu."

"Munawauza a Kopolo zimenezi?"

"Sadandifunse. Amangofunsa komwe ndidagona."

Mose anabwera ndi kapu. Anderson anaimirira, maondo akulira.

"Mawa ndikupemphani muthyole lumbiro lanu pamaso pa anthu."

Samueli anagwira kapuyo ndi manja awiri. Sanavomere. Sanakanenso.

Nyumba ya Che Mustapha inali yamalata, pafupi ndi mzikiti. Anthu anali atangotuluka ku swala yomaliza ya tsikulo. Mayi Zuleka, mkazi wa malemu, anali pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi yomwe wamasiye wachisilamu amakhala m'nyumba. Sanatuluke. Chitseko chinatseguka pang'ono, mwa zala zitatu, mawu n'kumachokera kuseri. Anderson anakhala pa mpando pakhonde. Mose anatsala ku mpanda.

"Kiyi ankakhala kuti, mayi?"

"Pa msomali m'galaja, kuseri kwa kalendala. Lamulungu tidali ndi sadaka ya masiku makumi anayi. Anthu adadza ambiri. Amuna ena adakhala m'galajamo kuthawa mphepo."

"A Chiunjiza analipo?"



"Adabwera ndi mbuzi. Adakhala m'galajamo mpaka swala ya Magharibi."

"Galimotoyo ankaifuna?"

"Zaka khumi. Adayamba ndi ng'ombe. Kenako boti la injini. Kenako maboti onse awiri. Amuna anga, Allah awachitire chifundo, adali ndi pakamwa. Adawauza pagulu kuti, Fodi yako idakufera m'manja, ukufuna uphenso yanga? Anthu adaseka. A Wilson sadaseke."

"Atamwalira bambo anabweranso?"

"Pa tsiku la sadaka lomwelo. Adaima pomwe mwakhalapo. Ndidawauza kuti malemu adasiya mawu. Galimoto ndi ya mwana wathu wa ku Zomba, ndipo Samueli akaipereka Lachisanu."

Anderson analemba. Lachisanu. Inabedwa Lolemba usiku. A Chiunjiza anali ndi munda ku Chitala, Mose anali atanena m'njira, wokhala ndi zigafa za fodya zazikulu zoti n'kubisamo lole.

"Samueli anali kuti usiku umenewo?"

"Inu mwabwera pa sitima?"

"Eya."

"Mubwereranso pa sitima?"

"Ndikatha."

"Ndiye mwina mungamve chinthu n'kuchisiya pomwe pano." Mawu anatsika. "Ali ndi mayi ake. Ndi a Mboni za Yehova. Khadi la chipani adakana kugula, nyumba yawo idapsa chaka chatha, ndipo chiyambire palibe adawaona. Ine chomwe ndidziwa n'chakuti Lolemba lililonse ufa umachepa m'nyumba muno. Sindifunsa."

Cholembera cha Anderson chinaima. Anatseka kabuku.

"Mwera ukusokosa, mayi. Sindinamve bwino."

"Alhamdulillah," anatero mawuwo. Chitseko chinatsekeka.

Anderson anatsala pakhonde kanthawi. Umboni woti umupulumutse Samueli unalipo, koma unali woti sungatchulidwe. Kunatsala galimoto yokha kuti imulankhulire.

Sitolo ya a Wilson Chiunjiza inali yokhayo yowala pamsewu. Kutsogolo golosale, kumbuyo mabenchi a mowa. Mwiniwake anali wamtali, wamimba, baji ya chipani pachifuwa. Anawalandira ndi manja awiri. Dzanja lamanja linali ndi kansalu koyera pa zala ziwiri.

"A Sajeni a ku Limbe. Ndamva kuti ndinu dokotala wa magalimoto. Khalani, khalani. Kuno ndimasowa wocheza naye. Anthu a kuno ukawauza za masilinda eyiti amayesa ndi mtundu wa ukonde."

Khoma lonse linali zithunzi zodula m'makalendala ndi m'magazini. Cadillac. Buick. Pontiac yofiira. Zina zinali zitachita chikasu. Pakati penipeni, m'felemu yagalasi, panali Shevuleti ya 1956.

"Inu nthawi yanu ndi iti?" anafunsa Wilson. "Munthu aliyense ali ndi nthawi yake."

"55 mpaka 57."

"Mwaima msanga. 58, 59, pamenepo ndiye Amerika adakhuta. Nyale zinayi kutsogolo. Kumbuyo mapiko. Utali wake, ukaimika pa sitolo mchira uli kwa aneba. Za masiku ano izi, za ku Japan, ndi zitini za sopo. Ine ndidagwira ntchito ku Joni zaka zisanu ndi zitatu, ndinkagona ndi njala kuti ndibwere ndi Fodi. Ndipo ndidabwera nayo. Feyaleni ya 59. Tsiku lomwe ndidalowa nayo pano ana asukulu sadaphunzire."

"Koma m'felemu mwaika Shevuleti."

Wilson anayang'ana chithunzicho. Nkhope inasintha, inafewa.

"Ija ndi ina. Ija siikalamba. Mustapha sankaidziwa n'komwe, ankangoinyamulitsa akwati ndi mbuzi za Idi. Ine ndikadaimangira nyumba yakeyake. Yasimenti."

"Fodiyo ilipo?"

Inali kuseri, pa njerwa, matayala kulibe. Injini inafa zaka zinayi zapitazo, zitsulo zake osapezeka. Nkhuku zinali zitagona pa mpando wakumbuyo. Anderson anaizungulira ndi tochi, akuyamikira apa ndi apo. Atafika kumchira anagwira chitsulo cha nambala n'kuchikokera pansi. Chinatseguka mosavuta, pa sipuling'i. Kuseri kwake kunali chotsekera thanki.

Anachisiya. Chinabwerera chokha, kha.

"Nzeru za Fodi," anatero Wilson. "Wakumudzi angafune tsiku lonse."

"Zoona. Wakumudzi sangaganize n'komwe zoyang'ana kuseri kwa nambala. Dzanjalo mwatani?"

"Mbedza."

"Samueli munamuona nthawi yanji?"

"Folo koloko. Ndinkapita kukatulutsa maboti a ku Mbenji."

"Ndi mwera umenewu? A Kopolo akuti maboti ali pamtunda sabata yonse."

Mose anayang'ana nsapato zake. Wilson anaseka, koma maso sanaseke nawo.

"Ndinkapita kukaona ngati angatuluke. A Sajeni, inu mudabwera kudzayesa mabuleki kapena kudzayesa ine?"

"Mabuleki ali bwino. Mawa ndiithira petulo, ndipita nayo ku Lilongwe ngati umboni."

"Muthira pati?"

Funsolo linatuluka msanga kwambiri. Wilson nayenso anamva. Anapukuta pakamwa ndi dzanja labwinolo.

"Muona mawa," anatero Anderson.

Wilson anamuperekeza mpaka pakhomo. Pamenepo anamugwira pa chigongono, mwaubwenzi, koma zala zinafinya.

"Khadi muli nalo, a Sajeni? La chaka chino?"

"Ndili nalo."

"Lisungeni bwino. Kunali sajeni wina ku boma kuno, wanzeru ngati inu. Adayamba kuteteza ana a Mboni. Foni imodzi. Mpaka lero mkazi wake akumufunafuna." Anamusiya, nam'sasa paphewa. "Sainani pepala. Sitima ya ku Limbe imanyamuka eyiti."

Pobwerera, atafika pa migwalangwa, Mose anaima.

"Bwana, ine ndili ndi ana anayi. Inu mupita. Ine nditsala."

"Ndikudziwa, Kopolo. Mawa inu musachite kanthu. Mungoima poti muzimva."

Anagona pa benchi ya mu ofesi, nsapato kumapazi. Pepala linali patebulo, losasaina.

Landirova inafika kusanayere bwino. Dalaivala wake sanazimitse injini. Anthu anali atasonkhana kale. Maboti sankatuluka, ndiye asodzi onse anabwera kudzaona Samueli akutengedwa. Kutsogolo kwa gulu kunaima mayi wovala mpango wakuda, mwana kumsana. Mose ananong'ona kuti ndi Edina, mkazi wa Yakobo. Wilson anafika pomaliza, atavala jekete, anyamata awiri pambuyo pake.

Anderson anali atatumiza chigubu cha petulo woyera kuchokera m'diramu ya Che Mustapha. Anachiika pansi kumchira kwa Shevuleti.  Anakweza mawu.

"Galimoto iyi inaima chifukwa petulo anatha. Woiba anali ndi zigubu ziwiri, koma sanathire. Ine ndikufuna kupita nayo. Ndani andithirire?"

Msodzi wina anayesa. Anazungulira, anasuzumira pansi, anabwerera akukanda mutu. Dalaivala wa Landirova anatsika, nati iye wayendetsa zaka makumi awiri. Anatsegula boneti. Anatsegula buti. Anthu anayamba kuseka.

"A Tcheyamani," anatero Anderson. "Inu ndiye katswiri wathu."

"Ine ndi wa Fodi," anayankha Wilson. Koma anali atasendera kutsogolo. Maso ake sankachoka pa galimoto.

"Kopolo, m'tulutseni."

Samueli anatuluka ndi unyolo m'manja. Kuseka kunatha. Anaima pafupi ndi mchira, nayang'ana ku nyumba yamalata ija, kutali. Milomo inkagwedezeka. Anderson anawerenga mumtima. Khumi. Makumi awiri. Dalaivala wa Landirova anayang'ana wotchi.

"Bambo," anatero Anderson motsitsa. "Malemu ankabisira akuba. Sankabisira inu chingwe."

Samueli anakweza manja onse awiri, poti anali omangidwa pamodzi. Anagwira kachitsulo pamwamba pa galasi lofiira. Anapotoza. Nyale yonse inagwera kunja, n'kulendewera. M'kati munali chotsekera thanki, chonyezimira, chopanda fumbi.

Gulu linapuma pamodzi. Wina anaomba m'manja kamodzi n'kusiya.

"Zaka khumi ndi ziwiri akuithira," anatero Anderson. "Munthu uyu akanaima pamsewu ndi zigubu ziwiri?"

Wilson anali atafika pa galimoto. Anawerama, nkhope pafupi ndi nyaleyo, ngati mwana pa windo la sitolo. Anaikankha, inatsekeka. Anapotoza kachitsulo, inatsegukanso. Anapukusa mutu, akumwetulira.

"M'nyale," anatero, osauza munthu aliyense. "Amerika. Ine kufunafuna mpaka dzuwa kutuluka, ndipo ndidatsamira pomwepa."

Mawu sanali okweza. Koma mwera unali utadukiza, ndipo anthu anali chete.

Edina anayenda masitepe atatu. Mwana kumsana anali m'tulo.

"Mwati mudatsamira pati, a Tcheyamani?"

Wilson anawongoka. "Ndikunena tsiku lina. Pa sadaka."

"Pa sadaka dzuwa lidatulukira m'galaja?" anafunsa msodzi wachikulire kumbuyo.

"Amuna anga mudawasiya pamsewu," anatero Edina. Mawu ake sanakwere. "Inu n'kukatsamira galimoto."

Wilson anatembenukira kwa anyamata ake. Mmodzi ankayang'ana kunyanja. Winayo anali atabwerera m'gulu. Anderson anagwira dzanja lomangidwa nsalu lija, nalikweza, namasula. Bala silinali la mbedza. Linali mzere wowongoka, wodutsa zala ziwiri. Anaonetsa anthu chitsulo cha nambala chopindika, ndi kadontho kakuda m'mphepete mwake.

"Kuno kuli galimoto imodzi yothirira kuseri kwa nambala. Ili pa njerwa kuseri kwa sitolo. Petulo wa m'zigubu ndi wa boti. Kopolo, kiyi wa unyolo."

Mose sanasunthe. Thukuta linali pamphuno pake, kuzizira konseko. Anayang'ana Wilson, anayang'ana gulu, anthu makumi atatu omwe anamva zomwe iye anamva. Kenako anapisa m'thumba. Sanapereke kiyiyo. Anamasula Samueli yekha, natenga unyolo, naima pamaso pa Wilson.

"Pepani, a Tcheyamani. Manja."

"Mose, ukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani. Manja."

Anderson analowa mu ofesi. Pa pepala anakhwatcha dzina limodzi, nalemba lina. Pansi anawonjezera mayina khumi a mboni, Mose akumutchulira pakhomo. Anasaina.  Ankadziwa kuti ku Lilongwe kuli mafoni. Koma mayina khumi ndi ovuta kufufuta kuposa limodzi.

Dalaivala wa Landirova anati kumbuyo kwake kwadzaza matumba a makalata ndi matayala, wamndende akhala pansi. Anderson anakana. Umboni ndi wamndende ziyendera limodzi, Landirova izitsatira.

Samueli anathira petulo osataya dontho. Anapukuta nyale ndi malaya ake, naitseka. Anakhala pa chiwongolero, napopa kawiri, napotoza kiyi. Injini inadzuka ndi mawu akuya, osalala, omveka m'chifuwa. Mose analowetsa Wilson kumbuyo, nakhala pambali pake. Anderson anakhala kutsogolo, kachikwama pamiyendo.

Gulu linapatuka. Edina sanapatuke msanga. Anayang'ana m'galimotomo mpaka Wilson atagwetsa nkhope, kenako anasuntha.

Anatuluka pa migwalangwa, nalowa msewu waukulu. Unali wowongoka, wopanda kanthu, mailosi ambirimbiri. Kumbuyo unyolo unalira. Wilson ankasisita chikopa cha mpando ndi nsonga za zala.

"Samueli," anatero. Mawu anali aang'ono, osati a dzulo aja. "Taiponda pang'ono. Ndiimve."

Samueli anayang'ana pa galasi, n'kubwezera maso pamsewu. Muvi wa liwiro unali pa mailosi makumi awiri pa ola. Anausiya pomwepo mpaka ku Lilongwe.